Feggie, Wailesi Yake ndi Dengu la Zinthu za Eni

Tayerekezani kuti kwacha pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Chamama, mwezi wa Meyi. Dzuwa silinatuluke bwino, mame akadali mbuu pa udzu, koma amayi asanu ndi awiri akhala kale pa masaka m'shedi yosankhiramo fodya. Amalawirira chonchi chifukwa fodya wouma amafuna chinyezi cha m'mawa; dzuwa likangokwera, tsamba limayamba kuyoyoka m'manja. Manja akuyenda okha: tsamba lalitali lofiirira uku, lalifupi uko, lamawangamawanga pambali. Pa mzati wapakati papachikidwa kawailesi kakuda komangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo mukumveka mawu a mzibambo wa ku Amerika akuyankhula Chingerezi pang'onopang'ono, ngati munthu amene waima panjira kudikira kuti umupeze. Iye akamaliza chiganizo, mmodzi mwa amayi aja akuchibwereza chapansipansi, osadzutsa mutu. Ameneyo ndi Feggie Chisale.

"Ayambapo akazi a mzungu," akutero mnzake wina. "Tawafunsani amuna anuwo, fodya akwera mtengo chaka chino?"

"Akuti mutseke pakamwa, mukusakaniza magiredi," akuyankha Feggie, ndipo shedi yonse ikuseka.

Feggie adabadwira ku Ntcheu m'chaka cha 1984, koma Ntcheu sakuidziwa kwenikweni. Makolo ake adali matenanti, anthu olima fodya pa munda wa mwini esiteti, ndipo iye adakulira pamwamba pa malole, kuchoka esiteti iyi kupita iyo. Adaphunzira pa sukulu zisanu n'kulekezera Sitandade 7. Mukamufunsa chimene amakumbukira pa sukulu zonsezo, sanena za njala kapena za yunifomu. Amanena za chete. Atafika Sitandade 5, pamene maphunziro ambiri amasanduka a m'Chingerezi, adakhala chaka chathunthu osakwezapo mkono.

"Yankho ndinkalidziwa, aphunzitsi," adandiuza tsiku lina, poti ine ndine mphunzitsi. "Linkabwera m'Chichewa, likafika pakhosi n'kufera pomwepo."

Adakwatiwa ali wamng'ono. Mwamuna wake adapita ku Joni mu 2009, adayimba foni chaka choyamba, chachiwiri adayimba kawiri, kenako zii. Mwana wawo mmodzi adatengedwa ndi amalume ake ku Lilongwe kuti akaphunzire. Feggie adatsala yekha m'kanyumba ka kumapeto kwa mzere wa nyumba za antchito, ali ndi ntchito yosankha fodya imene amaidziwa kuposa wina aliyense pa esitetiyo, ndiponso wailesi imene mwamuna uja adaisiya.

Pulogalamu ya Chingerezi chapang'onopang'ono adaipeza mwangozi, akufunafuna nyimbo za kwaya. Chidamugwira mtima si nkhani yake, pakuti tsiku loyambalo adangotolapo mawu atatu kapena anayi. Chidamugwira mtima ndi kuleza kwa woyankhulayo. Kwa nthawi yoyamba munthu wa Chingerezi sankamuthamangira. Adagula kope n'kuyamba kulemba mawu monga ankawamvera. Pamene mawu a pa wailesi adayamba kumveka mwa apo ndi apo, adagula ina yolowa memoli khadi, ndipo kawiri pa chaka amakwera kabaza kupita pa Chamama kuti amudzazire mapulogalamu atsopano pa kashopu kodzazira nyimbo m'mafoni.

Mapulogalamuwo saphunzitsa mawu okha. Amafotokozanso mmene anthu a ku Amerika amakhalira, ndipo Feggie ankawamvera ngati nkhani za m'mudzi woyandikana nawo. Adamva za mabasi achikasu onyamula ana a sukulu. Adamva za tsiku la mu Novembala limene mabanja amasonkhana kudya nkhukundembo ndi kuyamika. Adamva kuti anthu amayala katundu wawo wakale pakhomo n'kumagulitsa popanda manyazi, ndipo adaseka tsiku lonse atamva kuti ku dera lotchedwa Kentucky kulinso alimi opachika fodya kuti aume ndi mphepo ngati kuno. Koma sankameza zonse. Atamva za nyumba zosungirako okalamba adazimitsa wailesi. "Anthu okasiya amayi awo kwa alendo sindingawamvere zonse zimene anganene," adatero. "Ndizisankha ngati fodya."

Ine ndidamudziwa kudzera mwa ana. Ndimaphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ya pulayimale yoyandikana ndi esitetiyo, ndipo ana a matenanti sasowa: amafika pakati pa teremu, amakhala kumbuyo, ukawaloza amayang'ana zala zawo zakumapazi. Si mbuli ayi. Mwana amene wasintha sukulu katatu amaphunzira kuti wokhala chete sapalamula mlandu. Koma mu 2017 kamtsikana kena ka zaka khumi ndi chimodzi, Shalom Mphepo, kadakweza mkono n'kundipempha m'Chingerezi kuti ndibwereze zimene ndanena, koma pang'onopang'ono. Padalibe mwana amene adandipemphapo zimenezo, ngakhale m'Chichewa.

"Waphunzira kuti kupempha chotero?" ndidamufunsa pa nthawi yopuma.

"Kwa Anti Feggie, ku chigafa."

Zidayamba chaka cham'mbuyo mwake, ndipo zidayamba ndi chipongwe. Ana obweretsera amayi awo phala ku shedi ankaima pakhomo n'kumayerekeza mzungu wa pa wailesi, akutsina mphuno. Feggie sadawathamangitse. "Ngati mukumunyoza, munyozeni bwino," adawauza. "Sakutero ayi. Tamverani kachiwiri." Adabweza khadi m'mbuyo, anawo adayesanso, ndipo chipongwe chidasanduka phunziro iwo osazindikira. Fodya atachoka m'zigafa zoumitsiramo, adapempha chigafa chimodzi chopanda kanthu kuti azikumana nawo Loweruka masana. Mudalibe bolodi, mudalibe choko. Mudali wailesi, kope lake lakale ndi lamulo limodzi: wina akamayankhula, onse amadikira mpaka amalize, ngakhale atakakamira pa liwu limodzi nthawi yaitali bwanji. Feggie sankamuthandiza mwana msanga. Ankangomuyang'ana, manja ali pa maondo, ngati alibe kwina kopita.

Pofika Julaye 2017 ana adalipo khumi ndi anayi. Ndi m'mwezi umenewo m'mene Feggie adalakwitsa.

Adamva pa khadi yake za mwambo wa m'sukulu za ana aang'ono ku Amerika. Mwana amabwera ndi chinthu cha kwawo, amaima kutsogolo, amachionetsa anzake n'kufotokoza kuti n'chiyani, adachipeza bwanji, amachikonderanji. Akamaliza, anzake amamufunsa mafunso. Feggie adaibwereza pulogalamuyo kasanu. Adaona kuti mankhwala a chete uja awa: mwana wogwira kanthu m'manja sayang'ana zala zakumapazi, ndipo mwana wonena za chinthu cha kwawo sangasowe chonena.

Vuto lidali loti ana a matenanti alibe zidole zogula. Choncho adawauza kuti, "Mubwere ndi kanthu kamene amayi anu kapena abambo anu amakagwira tsiku ndi tsiku. Kakhale kakang'ono, koti mukukadziwa bwino." Sadawonjezere kuti akapemphe kaye. Ankaganiza kuti n'zodziwikiratu. Koma mwana wa pa esiteti sapempha lamba wa bambo wake kuti akamuonetse anzake. Amadziwa yankho asanafunse. Loweruka lotsatira anawo adafika ndi zinthu zobisa m'malaya: singano yosokera fodya, mpango wa kumutu, kagalasi kosweka, lamba, chipande, lumo lometera ndevu. Shalom adabwera ndi chipeso chofiira cha amayi ake.

Phunziro lidakoma kuposa mmene Feggie ankayembekezera, koma lidayenda pang'onopang'ono. Pofika nthawi yoti ana akatunge madzi, adali atayankhula anayi okha. Anayiwo adabwerera ndi zinthu zawo. Kwa khumi otsalawo Feggie adati, "Mukapita nazo mudzaziiwala. Ikani m'dengu umu, ndikusungirani mpaka Loweruka." Adavundikira dengulo ndi chitenje n'kukaliika m'nyumba mwake.

Lamulungu m'mawa mayi Fainala, amayi a Shalom, adachifuna chipeso chawo pokonzekera ku tchalitchi, osachipeza. Lachiwiri mutu udawagwira mwamphamvu moti adalephera kudzuka. Lachitatu nkhani idamveka pa mjigo kuti kwa uje kwasowa lumo, kwa uje mpango, ndipo ana atapanikizidwa adaulula kumene zinthuzo zidali. Masana a tsiku lomwelo bambo Esau Mphepo, abambo a Shalom, adafika pakhomo pa Feggie ndi amuna ena awiri.

"Mayi, tamva kuti muli ndi katundu wathu."

"Eee, alipo bambo, zonse zili bwinobwino, palibe chatayika," adayankha Feggie mosangalala, n'kulowa m'nyumba kukatenga dengu. Adaliika pansi n'kuvundukula chitenje chija yekha.

Amuna atatu aja adabwerera m'mbuyo. Pamenepo ndi pamene Feggie adayang'ana m'dengumo ndi maso a anthu a kwawo. Lamba wa mwamuna wa mwini. Mpango wonunkhira mafuta a mwini wake. Lumo. Ndipo pamwamba pa zonse chipeso chofiira, tsitsi la mayi Fainala likadali m'mano ake. Zonsezo m'nyumba ya mayi wokhala yekha, amene amasonkhanitsa ana a anthu n'kumawayankhulitsa chiyankhulo chimene makolo awo sachimva.

Liwu loti ufiti palibe adalitchula tsiku limenelo, koma m'mawa mwake amayi a m'shedi adasuntha masaka awo, ndipo Feggie adasankha fodya ali pakati pa bwalo lopanda munthu. Amene ankamuseka za amuna ake a pa wailesi sadamupatse ngakhale moni. Pa mjigo anthu adadikira kuti achoke, wina n'kutsuka chogwirira. Eni zinthu adakana kuzilandira. Bambo Mphepo adati pabwere sing'anga adzazione kaye, ndipo adayamba kuyenda khomo ndi khomo.

Akapitao a pa esitetiyo, a Tsoka, adali munthu wokonda mtendere chifukwa mtendere ndi umene umadinditsa mabelo. Adatsekera dengu lija mu stolo n'kumuitanitsa Feggie.

"ANachisale, ine ndilibe nanu mlandu. Pa shedi pano palibe wokuposani. Koma mabanja asanu andiuza kuti mukakhala inu, iwo achoka, ndipo nazale yayandikira. Loweruka masana lole ikupita ku Kasungu ndi mabelo. Nkhaniyi ikafika nthawi imeneyo isanathe, mukwera nawo."

Sikudali kutaya ntchito kokha. Pa zigwa za fodya mbiri imayenda pa lole yomweyo ndi munthu. Mayi wochotsedwa pa esiteti chifukwa chophunzitsa ana ufiti salandiridwa pa esiteti ina, ndipo alipo amene adavulazidwa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi.

Lachinayi madzulo adabwera ku sukulu. Ndidamulangiza zimene ndinkaona kuti n'zanzeru: apepese, atseke kalasi, ayambirenso chaka china mitima ikazizira.

"Kupepesa ndipepesa, chifukwa ndalakwa," adatero. "Ndamvera mzungu uja mpaka kuiwala kuti ndine mwana wa yani. Mayi anga akadakhala moyo akadandimenya nacho chipeso chomwecho. Koma kutseka ayi. Ndikatseka ndiye kuti ndavomera. Ndipo ana aja aphunzira kuti munthu akatsegula pakamwa amakwezedwa lole."

Adandipempha chinthu chimodzi: kuti ndidzakhalepo, ndi kuti ndiwauze ana Lachisanu kuti asakabisale.

Loweruka m'mawa m'chigafa mudadzaza. Kudali mphepo ya Julaye ija yolowa m'mafupa, anthu atafunda zitenje ndi majekete. A Tsoka adakhala pa mpando wokhawo umene udalipo. Dengu lidali pakati, ndipo mozungulira mudatsala malo oti ngolo n'kutembenukapo. Ana adaunjikana pakona. Kunja anyamata adali atayamba kale kukweza mabelo m'lole.

Feggie adagwada. Adapepesa makolo mmodzimmodzi powatchula maina, chifukwa chotuma ana osadzera kwa eni ake, ndiponso chifukwa chogoneka zinthu za anthu m'nyumba mwake. Kenako adafotokoza za mwambo wa ku sukulu za ku Amerika uja.

"Ku Amerikako mudapitako?" adafunsa bambo Mphepo.

"Ayi, bambo."

"Ndiye mudamva kwa yani?"

"Pa wailesi."

"Wailesiyo ndi imene idakuuzani kuti musunge tsitsi la mkazi wanga?"

"Ayi, bambo a Shalom. Umenewo ndi uchitsiru wanga, wa konkuno."

Wina kumbuyo adaseka, n'kudzigwira pakamwa. Feggie adapempha kuti ayatse pulogalamuyo kuti aliyense amve, ndipo anthu adati akapitao amasulire, poti ndi amene amayankhula ndi mabwana. A Tsoka adatsokomola, adapendeketsa mutu, adamvetsera mpaka kumapeto nkhope ili gwa.

"Nkhani yake ndi ya sukulu ndithu," adatero. "Sukulu ndaimva kawiri."

"Basi?" adafunsa mayi wina wachikulire wa m'shedi. "Akapitao, Chingerezi chija mwakhala mukutiopseza nacho zaka zonsezi n'chomwechi?"

"Ameneyu ndi wa ku Amerika, mayi. Ine changa ndi cha ku Mangalande."

Apa anthu adaseka momasuka, koma bambo Mphepo sadaseke. Adati zoseka zithe, mkazi wawo akudwala. Feggie adati sakufuna womasulira wina aliyense, ngakhale ine mphunzitsi. Adapempha kuti ana achite pamaso pa makolo awo zimene akadachita Loweruka limenelo, m'Chingerezi kaye, kenako amasulire okha. Ngati muli choipa, chimveka.

A Tsoka adavomera. Koma mwana woti adzuke padalibe. Onse khumi adayang'ana pansi. Ine ndidafuna kutchula dzina la mmodzi, monga timachitira m'kalasi, koma Feggie adandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Adakhala pa zidendene zake, manja pa maondo, n'kudikira. Kunja belo lina lidagwera m'lole, kenako linanso. Anthu adayamba kung'ung'udza.

Shalom adaimirira.

"Khala pansi, iwe," adatero abambo ake.

"Musiyeni." Adali mayi Fainala. Adali atakhala motsamira mzati, atamanga kansalu pachipumi. "Chipeso ndi changa. Ndimve."

Mtsikanayo adapita pa dengu n'kupisamo dzanja. Amayi ena adafuula. Adatulutsa chipeso, adachikweza m'mwamba monga adaphunzitsidwira, ndipo adayamba. Pa chiganizo chachitatu adakakamira, pakamwa pali yasa, ndipo anzake pakona paja, mwa chizolowezi, adakhala chete kumudikira. Akuluakulu nawo adapezeka akudikira. Liwu lija lidabwera, adamaliza, kenako adanena zomwezo m'Chichewa.

"Ichi ndi chipeso cha amayi anga. Adawapatsa ndi agogo tsiku limene tinkakwera lole kuchoka ku Phalombe. Chidathyoka mano atatu, awiri ndidathyola ndine. Amayi amandipesa nacho Lamulungu, ndipo zimawawa. Akamandipesa amandiuza kuti ine sindidzasoka fodya."

Adaima osadziwa chochita ndi manja ake.

"Tsopano ndi nthawi ya mafunso," adatero Feggie. "Mwambo wake umatero. Aliyense afunse."

"Ndifunsa ine," adatero bambo Mphepo. "Adakutuma ndani kuti ube?"

"Palibe, ababa. Anti adangoti tibweretse."

"Nanga osapempha bwanji?"

Shalom adayang'ana chipeso chija. "Ndikakufunsani kanthu mumati mwana safunsa."

Kudamveka "mhm" wautali kuchokera kumbali ya amayi. Bambo Mphepo adatsegula pakamwa, koma akazi awo adawatsogolera. Sadakweze mawu.

"Bambo a Shalom, mutuwu udayamba tisadamalize kuthyola fodya. Chipeso chidali m'nyumba. Ndidakuuzani za kuchipatala, mudati tidikire fodya apite. Bwera nacho kuno, mwana wanga."

Shalom adagwada n'kupereka chipesocho ndi manja awiri. Mayi Fainala adachotsa tsitsi lija m'mano, adalikulunga n'kulimanga pa nsonga ya chitenje, ndipo chipesocho adachizika m'mutu mwawo pamwamba pa kansalu kaja, pamaso pa anthu onse.

Zitatero ana ena adalimba mtima. Mwana wa singano adafotokoza kuti abambo ake amasoka fodya mofulumira kuposa amayi ake koma amadzibaya kawirikawiri, ndipo mwini singanoyo adakana mokweza mpaka mkazi wake adamugwira dzanja n'kuonetsa anthu zipsera. Mwana wa chipande adalira osamaliza, ndipo amayi ake adamumalizira m'Chichewa. Sizidayende bwino zonse. Mwini lumo adakana kulilandira, adalamula kuti likatayidwe m'chimbudzi, adatenga ana ake awiri n'kutuluka, ndipo anawo sadabwerenso. Banja linanso lidachita chimodzimodzi pambuyo pake. Bambo Mphepo adakhala mpaka kumapeto, manja atapinda.

A Tsoka adafunsa ngati padakali wina wofuna sing'anga. Anthu adangoyang'anana. Adafunsanso kachiwiri, akuyang'ana bambo Mphepo, ndipo bamboyo adayang'ana kunja.

"Ndiye tamvani," adatero akapitao. "ANachisale sakwera lole. Koma za ku Amerikazi zikafika pano zizivula nsapato. Chinthu cha munthu chisagonenso m'nyumba ya wina. Ndipo mwana akafuna kuonetsa kanthu, mwini wake azibwera nako yekha, akhale pompo, n'kubwerera nako."

A Tsoka ankangofuna kutseka pakamwa anthu, ndipo ndikukhulupirira ankaganiza kuti palibe kholo limene lingataye Loweruka lake chifukwa cha chipande. Adalakwitsa. Mwana akafuna kuyankhula amavutitsa, ndipo makolo adayamba kubwera, poyamba monyinyirika, atanyamula khasu, nyali kapena buku la nyimbo. Kholo lobwera ndi khasu lake limakhala pansi n'kumva mwana wake akuliyamikira kapena kuliulula pagulu, ndipo silichoka msanga. Amayi ena adayamba kubwera ngakhale tsiku limene ana awo sakuyankhula. Awiri mwa iwo lero amabwereza nawo mawu a pa wailesi m'shedi muja.

Bambo Mphepo sadapepese, ndipo Feggie sadayembekezere kuti apepese. Lolemba lotsatira adakweza akazi awo pa njinga kupita ku chipatala, kumene adawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi n'kuwapatsa mankhwala. Amayi a m'shedi adabweza masaka awo pang'onopang'ono, wina lero, wina mawa, ndipo padatha mwezi kuti wina ayambirenso kumufunsa za amuna ake a pa wailesi. Feggie akuti tsiku limenelo ndi limene adadziwa kuti nkhani yathadi.

Kuchokera nthawi imeneyo, akamva mwambo watsopano pa khadi yake sathamangira nawo ku chigafa. Amayamba waufotokoza m'shedi, amayi aja n'kuutembenuza uku ndi uku ngati tsamba lokayikitsa. Ina amaikana. Wakuti mwana aziyang'ana wamkulu m'maso poyankhula adaukana onse, kenako adagwirizana kuti uzichitika m'chigafa ndi m'kalasi mokha, osati kunyumba. Wakuti mwana azilemba kakalata kothokoza munthu amene wamuchitira zabwino adaulandira, ndipo a Tsoka ali ndi makalata otero anayi mu stolo, ngakhale amati sadziwa chimene adachita.

Chingerezi cha Feggie si changwiro. Pali mawu amene amawatchula monga adawamvera zaka khumi zapitazo wailesi ikukhosomola, ndipo ana ake akafika m'kalasi mwanga ndimakhala ndi zowongola. Koma amafika akuyankhula, ndipo mphunzitsi aliyense akuuzani kuti kuwongola mwana woyankhula n'kopepuka kuposa kutsegula pakamwa potsekeka. Ambiri sakhalitsa. Fodya akagulitsidwa, mabanja amasamuka, ndipo mwana amene wamuphunzitsa miyezi isanu amakwera lole osatsanzika. Feggie amangoyamba ndi obwera kumene.

Akadali pa esiteti yomweyo, m'kanyumba komweko, ndipo akusankhabe fodya. Salandira malipiro a uphunzitsi. Mwa ana a matenanti amene adutsa m'chigafa chake kuyambira 2016, amene tatha kuwalondola, makumi awiri ndi atatu adasankhidwa kupita ku sekondale.